Njira Yophunzirira Kupanga Chilankhulo cha Mapulogalamu, Compiler ndi Operating System

Munthu amene wakhala akulemba mapulogalamu kwa chaka chimodzi kapena ziwiri amafika pena pamene amayamba kudzifunsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti mawu amene amalemba mu Python kapena mu C amasanduka bwanji ntchito imene kompyuta imagwira, ndipo lachiwiri ndi lakuti n'chiyani chimagawira mapulogalamu ambirimbiri memory ndi processor ya kompyuta imodzi popanda pulogalamu ina kuwononga inzake. Yankho la funso loyamba lili mu interpreter ndi mu compiler, la funso lachiwiri lili mu operating system, ndipo njira yodalirika yomvetsera zinthu zitatuzi ndi kuzipanga ndi manja ako, ngakhale zikhale zazing'ono bwanji.

Mabuku ndi maphunziro a ntchito imeneyi alipo ambiri, ndipo angapo mwa abwino kwambiri ndi aulere pa intaneti. Komabe anthu ambiri amalekera panjira chifukwa cha kayambidwe kolakwika. Wina amatenga buku lalikulu la ku yunivesite n'kuthera miyezi pa masamu a parsing, kutanthauza kusanthula galamala ya code, asanalembeko pulogalamu yoyenda ngakhale imodzi, wina amayamba ndi kernel, imene ndi mtima wa operating system, asanadziwe n'komwe kuti stack n'chiyani, ndipo wina amatsegula mabuku asanu nthawi imodzi mpaka n'kumuchitikira za mwambi uja wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndondomeko imene ndikulangiza ndi yakuti muyambe ndi interpreter, kenako mutsikire ku makina enieni, mukatero mulembe compiler, muwerenge operating system yaing'ono imene analemba ena, ndipo pomaliza mulembe yanu. Pa sitepe iliyonse musankhe buku limodzi ndipo musalisiye mpaka chimene mukumangacho chiyambe kuyenda.

Sitepe yoyamba: konzani maziko ndi zida

Musanayambe, muyenera kukhala okhoza kulemba pulogalamu ya mizere mazana angapo popanda kukopera kwa wina, komanso muyenera kumvetsa bwino recursion, tree ndi hash table, chifukwa pafupifupi gawo lililonse la compiler limadalira zitatuzi. Chilankhulo cha C simungachilambalale. Ngati ma pointer, struct, malloc ndi free zikukuvutanibe, tengani buku la Brian Kernighan ndi Dennis Ritchie lotchedwa The C Programming Language, makamaka limene linasindikizidwa kachiwiri mu 1988, ndipo muchite mafunso a m'mitu yokhudza ma pointer ndi ma struct. Bukuli ndi lalifupi, masamba ake safika 300.

Pa zida, ikani Linux pa kompyuta yanu, kaya Debian kapena Ubuntu, ndipo ngati mumagwiritsa ntchito Windows mukhoza kuika WSL, imene imayendetsa Linux mkati mwa Windows. Mufunika gcc (compiler ya C), make, gdb (yofufuzira zolakwika), git ndi QEMU (pulogalamu yoyeserera kompyuta yathunthu), ndipo zonsezi ndi zaulere. Laputopu yakale ndi yokwanira, pakuti zimene mudzakhale mukumanga ndi zazing'ono kwambiri poyerekeza ndi browser imene mumatsegula tsiku lililonse. Kwa amene amagula intaneti ya mabandulo, ubwino wina wa ntchitoyi ndi wakuti mukapanga dawunilodi mabuku ndi kutenga code kudzera pa git kamodzi, mukhoza kugwira ntchito milungu yambiri osalumikizidwa pa intaneti. Muzolowere kusunga ntchito yanu mu git nthawi iliyonse imene chinthu chatsopano chayenda, chifukwa tsiku limene zinthu zidzasokonezeke mudzafuna kudziwa kuti n'chiyani chasintha kuchokera pamene zinali bwino.

Sitepe yachiwiri: lembani interpreter

Buku limene ndimaliika patsogolo pa ena onse pa sitepe iyi ndi Crafting Interpreters la Robert Nystrom, limene linasindikizidwa mu 2021 ndipo limawerengedwa lonse kwaulere pa intaneti. Lili ndi mitu 30, ndipo limamanga chilankhulo chimodzi chotchedwa Lox kawiri: koyamba mu Java, kachiwiri mu C. Mzere uliwonse wa code uli m'bukumo, choncho palibe malo amene wolemba akukusiyani kuti muganizire nokha zimene anachita.

Gawo loyamba likuphunzitsani njira imene mawu olembedwa amadutsa. Tiyerekeze kuti munthu walemba `2 + 3 * 4`. Scanner imadula zolembedwazo kukhala tizidutswa tisanu totchedwa ma token. Parser imatenga tizidutswato n'kumanga mtengo umene pamwamba pake pali chizindikiro chophatikiza, nthambi yakumanzere ili ndi 2, ndipo nthambi yakumanja ili ndi chizindikiro chochulukitsa chimene chanyamula 3 ndi 4. Interpreter imayenda mumtengomo kuyambira kunsonga za nthambi, imapeza 12, n'kuphatikiza 2, ndipo yankho limakhala 14 osati 20. Njira imene bukuli limagwiritsa ntchito pomanga mtengowu imatchedwa recursive descent, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti lamulo lililonse la galamala ya chilankhulocho limakhala ndi function yake, ndipo function ya kuphatikiza imaitana ya kuchulukitsa isanachite china chilichonse. Mukamvetsa chifukwa chimene kuitanana kumeneku kumapangitsa kuchulukitsa kuchitika koyamba, ndiye kuti mwamvetsa chinthu chachikulu kwambiri cha parsing.

Langizo langa pa gawo loyambali ndi lakuti musalilembe mu Java pokhapokha ngati ndi chilankhulo chokhacho chimene mumadziwa. Lilembeni mu Python, Go, Rust kapena chilichonse chimene munazolowera, chifukwa posamutsa code kupita ku chilankhulo china mumakakamizika kumvetsa chimene mzere uliwonse ukuchita, pamene polemba mawu omwewo manja amatha kuyenda mutu uli kwina. Muchitenso mafunso a kumapeto kwa mutu uliwonse, monga lija lokufunsani kuwonjezera mawu a `break` m'ma loop. Mutu wa 11, umene umakonza vuto la ma closure (ma function amene amakumbukira ma variable a pamalo pamene analembedwa) amene amaloza variable yolakwika, muuwerenge kawiri ngati pakufunika kutero, pakuti pamenepo m'pamene mumaona koyamba kuti pulogalamu ikhoza kusanthulidwa isanayambe kuyenda, ndipo kusanthula koteroko ndiyo ntchito yaikulu ya compiler.

Gawo lachiwiri lilembeni mu C monga mmene bukulo likuchitira. Apa mulibenso mtengo woyendamo. Parser, imene tsopano ikutsata njira imene Vaughan Pratt anafotokoza mu 1973, imatulutsa malangizo aafupi otchedwa bytecode, ndipo virtual machine imene mwalemba nokha imawachita limodzilimodzi pogwiritsa ntchito stack. Mudzalemba hash table yanu, kasungidwe kanu ka ma string, komanso garbage collector imene imayamba ndi kuika chizindikiro pa chinthu chilichonse chimene pulogalamu ingachifikirebe, kenako n'kumasula memory ya zonse zopanda chizindikiro. Garbage collector ndi malo amene zolakwika zimabisala kwambiri, chifukwa ikamasula chinthu chimene chikufunikabe, pulogalamu imatha kugwa patapita nthawi yaitali, pamalo osakhudzana n'komwe ndi cholakwikacho. N'chifukwa chake bukuli lili ndi njira youza collector kuti igwire ntchito nthawi iliyonse imene memory yapemphedwa. Muiyatse njira imeneyi poyesa ntchito yanu, ndipo muyese ndi mayeso onse amene ali limodzi ndi code ya bukuli pa GitHub.

Amene amakonda Go angatenge Writing an Interpreter in Go la Thorsten Ball m'malo mwake, ndipo amene akufuna kuona nkhani yomweyi kuchokera ku mbali ya Lisp angawerenge mutu wachinayi wa Structure and Interpretation of Computer Programs la Harold Abelson ndi Gerald Jay Sussman. Koma musankhe limodzi. Mudzadziwa kuti mwamaliza sitepeyi mukatha kuwonjezera chinthu chimene m'bukumo mulibe, mwachitsanzo ma array, amene Lox ilibe, kuyambira pa scanner mpaka pa garbage collector.

Sitepe yachitatu: tsikirani ku makina

Interpreter imakubisirani processor, koma compiler imalankhula nayo mwachindunji, choncho muyenera kuidziwa musanapitirire. Maphunziro a Noam Nisan ndi Shimon Schocken odziwika ndi dzina lakuti Nand2Tetris, amene buku lake ndi The Elements of Computing Systems, losindikizidwa koyamba mu 2005 ndi kachiwiri mu 2021, amagawidwa m'ntchito 12. M'ntchito zisanu zoyambirira mumayamba ndi geti imodzi yokha ya Nand, n'kumanga ma geti ena, gawo lowerengera masamu, memory, mpaka kompyuta yathunthu ya ma bit 16 yotchedwa Hack, zonsezi mu pulogalamu yoyeserera imene eni ake amapereka kwaulere. Ntchito yachisanu ndi chimodzi ndi kulemba assembler, pulogalamu yosandutsa assembly, imene ndi malangizo a processor olembedwa m'mawu, kukhala manambala amene processor imamva. Ntchito zisanu ndi imodzi zimenezi musazidumphe. Zotsalazo zimamanga virtual machine, compiler ya chilankhulo cha Jack, ndi chimene amachitcha operating system, ngakhale kuti kwenikweni ndi gulu la ma function a masamu, a sikirini, a kiyibodi ndi a memory, lopanda ma process ndiponso lopanda chitetezo pakati pa mapulogalamu. Ngati mwamaliza sitepe yachiwiri bwinobwino, gawo lachiwirili mukhoza kulidutsa mofulumira.

Hack ndi kompyuta yophunzirira, choncho mukaimaliza muyenera kuona assembly ya makina enieni. Lembani function yaing'ono ya C, isandutseni assembly ndi `gcc -S -O0`, ndipo muwerenge fayilo imene yatuluka mzere ndi mzere mpaka mudziwe kumene variable iliyonse yasungidwa. Kenako bwerezani ndi `-O2` kuti muone zimene compiler yachotsa ndi zimene yasintha. Compiler Explorer ya Matt Godbolt imachita zomwezi mu browser ndipo imaonetsa ndi mitundu kuti mzere uti wa C wabala malangizo ati. Mutu wachitatu wa Computer Systems: A Programmer's Perspective la Randal Bryant ndi David O'Hallaron a ku Carnegie Mellon umafotokoza x86-64 mokwanira pa zimene mukufuna pano.

Sitepe yachinayi: lembani compiler yotulutsa assembly

Mu 2006 Abdulaziz Ghuloum analemba pepala lalifupi lotchedwa An Incremental Approach to Compiler Construction, ndipo ganizo lake ndi limene muyenera kutsata ngakhale simukonda Scheme imene iye anagwiritsa ntchito. M'malo momaliza scanner yonse, kenako parser yonse, kenako gawo lotulutsa malangizo, mumayamba ndi compiler yathunthu ya chilankhulo chochepetsetsa, chimene pulogalamu yake ndi nambala imodzi yokha, ndipo mumachikulitsa pang'onopang'ono, compiler ikugwira ntchito pa sitepe iliyonse. Tsiku loyamba, pulogalamu ya C imene ili ndi function ya `main` yokha yobweza 2 iyenera kusanduka mizere iwiri yaikulu, `movl $2, %eax` ndi `ret`. Mukaipereka kwa gcc kuti iisandutse fayilo yoyenda, n'kuithamangitsa, lamulo la `echo $?` liyenera kuonetsa 2. Kuchokera pamenepo muwonjezere masamu, ma variable, `if`, ma loop, ma function, ma pointer, ma array ndi ma struct, motsatana chomwecho.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatsata njira imeneyi pa chilankhulo cha C. Buku la Nora Sandler la Writing a C Compiler, la mu 2024, limafotokoza njira popanda kukupatsani code yokopera, limakulolani kulemba m'chilankhulo chimene mwasankha, ndipo lili ndi mayeso a mutu uliwonse. Bukuli ndi logula. Chaulere ndi chibicc ya Rui Ueyama, compiler ya C imene ili pa GitHub, imene mwini wake anailemba mwadala kuti mbiri yake ya git iziwerengedwa ngati buku: commit yoyamba imangodziwa nambala imodzi, iliyonse yotsatira imawonjezera chinthu chimodzi, ndipo yomaliza imatha kumanga mapulogalamu enieni monga Git ndi SQLite. Njira yabwino yoigwiritsira ntchito ndi kuwerenga uthenga wa commit wokha, kuyesa kulemba chinthucho mu compiler yanu, ndipo pambuyo pake kuona mmene iye anachitira.

Malo awiri amapunthwitsa pafupifupi aliyense. Oyamba ndi malamulo a kaitanidwe ka ma function. Pa Linux ya x86-64, ma argument asanu ndi limodzi oyambirira amene ali manambala athunthu kapena ma pointer amaikidwa m'ma register, timalo tosungira manambala mkati mwa processor, otchedwa rdi, rsi, rdx, rcx, r8 ndi r9, yankho limabwerera mu rax, ndipo adiresi ya stack iyenera kugawika ndi 16 pa nthawi imene mukuitana function. Mukaphonya lamulo lomalizali, ma function anu adzaitanana popanda vuto, koma tsiku lina kuitana `printf` kudzagwetsa pulogalamu mkati mwa library imene simunalembe, ndipo mudzafunafuna cholakwika kumalo olakwika. Malo achiwiri ndi galamala ya C yeniyeniyo: mzere wa `a * b;` ukhoza kukhala kuchulukitsa, kapena kulengeza pointer yotchedwa b ngati a ndi dzina limene linapangidwa ndi typedef, choncho parser yanu iyenera kusunga mayina amene yakumana nawo kale. Poyesa ntchito yanu, pulogalamu iliyonse ya mayeso muimange ndi gcc komanso ndi compiler yanu, muthamangitse zonse ziwiri, ndipo mufananize zotuluka. Muike kufananizaku mu script imodzi imene muziithamangitsa musanasunge chilichonse mu git.

Nthawi yoyenera mabuku akuluakulu ndi inoyi. Compilers: Principles, Techniques, and Tools la Alfred Aho, Ravi Sethi ndi Jeffrey Ullman, limene ambiri amalitcha Dragon Book, linatuluka mu 1986, ndipo mu 2006 linatulukanso Monica Lam atawonjezeka pa olemba. Ndi buku lolemekezeka, ndipo Aho ndi Ullman analandira Turing Award ya chaka cha 2020, koma kwa woyamba kumene ndi lolemera, chifukwa limathera masamba ambiri pa ma automata ndi ma parser a LR, pamene compiler zambiri zotchuka masiku ano, kuphatikizapo GCC ndi Clang, zimawerenga C ndi parser ya recursive descent yolembedwa pamanja. Munthu amene ali kale ndi compiler yoyenda amaliwerenga mosiyana, pakuti amadziwa vuto limene mutu uliwonse ukuthetsa. Pa nkhani za SSA (kalembedwe ka code mkati mwa compiler kamene variable iliyonse imapatsidwa mtengo kamodzi kokha), kuchotsa code yosafunika ndi kugawa ma register, ndimaona kuti Engineering a Compiler la Keith Cooper ndi Linda Torczon limamveka msanga. LLVM, gulu la zida zomangira ma compiler, imene Chris Lattner ndi Vikram Adve anayamba mu 2000 ku University of Illinois ndipo lero ndi imene Clang, Rust ndi Swift zimadalira, ili ndi phunziro lake lotchedwa Kaleidoscope, koma mulitenge mutatulutsapo kale assembly ndi dzanja lanu, apo ayi simudzadziwa ntchito imene LLVM ikukugwirirani. Ngati chimene chikukukokani kwambiri ndi kupanga chilankhulo chanu chokhala ndi malamulo a ma type, Types and Programming Languages la Benjamin Pierce, la mu 2002, ndilo loyambira.

Sitepe yachisanu: werengani operating system yaing'ono

Mwambo wophunzira operating system powerenga code ya ina yaing'ono ndi wakale. M'zaka za m'ma 1970 John Lions wa ku University of New South Wales analembera ophunzira ake ndemanga pa code ya Unix Version 6. Mu 1987 Andrew Tanenbaum wa ku Amsterdam anatulutsa MINIX pamodzi ndi buku lake, ndipo Linus Torvalds anawerenga bukulo ndi kugwiritsa ntchito MINIX asanayambe Linux mu 1991 ku Helsinki. Linux ya lero ili ndi mizere yoposa 30 miliyoni, choncho si malo oyambira. Malo oyambira ndi xv6, imene aphunzitsi a ku MIT analemba mu 2006 potengera Unix Version 6, ndipo mu 2019 anaisamutsira ku processor ya RISC-V. Kernel yake siifika mizere 10,000, ndipo ili ndi kabuku kaulere ka Russ Cox, Frans Kaashoek ndi Robert Morris kofotokoza gawo lililonse.

Pambali pa xv6 muziwerenga Operating Systems: Three Easy Pieces la Remzi ndi Andrea Arpaci-Dusseau a ku University of Wisconsin-Madison, limene mitu yake yonse ndi yaulere. Lagawidwa patatu: mmene processor ndi memory imodzi zimaonekera ngati pulogalamu iliyonse ili ndi zakezake, mmene ntchito zingapo zimayendera nthawi imodzi popanda kusokonezana, ndi mmene mafayilo amasungidwira osatayika ngakhale kompyuta izime mwadzidzidzi. Bukuli limapereka maganizo, ndipo xv6 imaonetsa maganizowo atasanduka code, choncho mukawerenga mutu wa paging (kugawa memory m'masamba) mutsegule `vm.c`, ndipo mukawerenga wa scheduling (kusankha pulogalamu yoti iyende pa processor) mutsegule `proc.c`.

Mukamanga xv6 ndi lamulo la `make qemu` n'kuona shell yake itatseguka, ntchito yoyamba imene ndimalangiza ndi kutsatira system call imodzi, kutanthauza pempho la pulogalamu kwa kernel, kuchokera poyambira mpaka pothera, pogwiritsa ntchito `make qemu-gdb`. Pulogalamu ikaitana `write`, kachidutswa ka assembly kamaika nambala ya system call mu register ya a7 n'kuchita lamulo la `ecall`. Processor imalowa mu supervisor mode n'kulumphira ku code ya mu `trampoline.S`, imene imasunga ma register onse a pulogalamuyo ndi kusintha page table, ndandanda yomasulira ma adiresi a memory, kupita ku ya kernel. Function ya `usertrap` imaona chifukwa chimene yaitanidwira, imaitana `syscall`, ndipo iyi imayang'ana a7 n'kupeza `sys_write`. Yankho limaikidwa mu a0, ndipo zonse zimabwerera momwe zinadzera. Munthu amene watsatira njira imeneyi lamulo ndi lamulo sadzafunsanso kuti malire a pakati pa pulogalamu ndi kernel ali pati.

Kenako chitani ma lab a kosi ya MIT imene panopa imadziwika ndi nambala 6.1810, amene ndi otseguka kwa aliyense ndipo amadziyesa okha ndi `make grade`. Imodzi imene imaphunzitsa zambiri ndi ya copy-on-write fork: m'malo mokopera memory yonse ya process pa nthawi ya `fork`, system call imene process imapangira inzake yofanana nayo, process yakholo ndi yamwana zimagawana masamba omwewo atatsekedwa kuti asalembedwe, ndipo tsamba limakoperedwa pokhapokha mmodzi akayesa kulembapo n'kuyambitsa page fault. Kuti zimenezi ziyende muyenera kuwerengera kuti tsamba lililonse likugwiritsidwa ntchito ndi ma process angati, ndipo mukalakwitsa chiwerengerocho mudzamasula tsamba limene wina akuligwiritsabe ntchito. Mayankho a anthu ena alipo pa intaneti, koma musawatsegule, chifukwa phindu lonse la ma lab amenewa lili m'maola amene mumathera mukufufuza cholakwika.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: lembani kernel yanu

Choyamba sankhani processor. RISC-V, imene inayamba ku University of California, Berkeley mu 2010, ndi yosavuta kuyamba nayo, makamaka popeza mwaizolowera kale mu xv6. Pa makina oyeserera a QEMU otchedwa virt, memory imayambira pa adiresi ya 0x80000000 ndipo chida cha serial chili pa 0x10000000, choncho kulemba byte pa adiresi yachiwiriyi kumatulutsa chilembo pa terminal yanu. Processor ya x86 yanyamula katundu wa zaka zoposa 40. Ikayaka kudzera mu BIOS imayamba ndi ma bit 16, imawerenga ma byte 512 oyamba a disk amene ayenera kuthera ndi 0x55 ndi 0xAA, imawaika pa 0x7C00, ndipo kuchokera pamenepo muyenera kukonza GDT, ndandanda yofotokoza zigawo za memory, ndi ma page table musanafike pa ma bit 64. Ubwino wake ndi wakuti kernel yanu ingadzayake pa kompyuta yeniyeni imene muli nayo. Mukasankha x86, musathere nthawi pa bootloader, kapulogalamu kamene kamalowetsa kernel mu memory: gwiritsani ntchito GRUB kapena Limine kuti mufike msanga pa kernel yeniyeniyo.

OSDev Wiki ndi kumene mudzapeze zambiri zokhudza zida, ndipo phunziro lake la Bare Bones limakufikitsani polemba mawu oyamba pa sikirini. Langizo lake lakuti mumange cross-compiler, gcc yomangira makina ena osati Linux yanuyo, mulitsate, chifukwa gcc ya pa kompyuta yanu imaganiza kuti ikumangira Linux, ndipo imatha kulowetsa zinthu zimene mu kernel yanu mulibe. Kumbukirani kuti kuno kulibe `printf`, kulibe `malloc`, ndipo ngakhale stack muyenera kuikonza nokha C isanayambe kuyenda. Amene akufuna kulemba mu Rust atsate Writing an OS in Rust ya Philipp Oppermann, imene ndi yaulere ndipo imafotokoza bwino ma interrupt ndi paging pa x86-64. Pamene maphunziro a anthu akusemphana, chimene chimagamula ndi mabuku a eni processor, kutanthauza Software Developer's Manual ya Intel kapena Privileged Architecture ya RISC-V.

Ndondomeko ya kamangidwe ikhale iyi. Muyambe ndi kutulutsa mawu pa serial ndi kulemba `printf` yanu yaing'ono, chifukwa popanda iyo simudzaona chilichonse. Kenako mugwire ma exception, kuti kernel ikalakwitsa izinena adiresi ndi chifukwa chake isanaime. Mukatero mupange chogawira masamba a memory, muyatse paging, muyatse timer, ndipo mulembe kachidutswa ka assembly kosinthira pakati pa ntchito ziwiri za mu kernel. User mode ndi ma system call zibwere zimenezi zikakhazikika, ndipo file system ikhale yomaliza, poyambira pa mafayilo osungidwa mu memory musanalimbane ndi disk.

Kernel ikalakwitsa nthawi zambiri siinena kanthu. Pa x86, exception ikalephera kugwiridwa mobwerezabwereza mpaka kufika pa triple fault, makina amangoyambiranso, ndipo chimene mumaona ndi sikirini yothwanima. Muthamangitse QEMU ndi `-no-reboot` kuti iime, ndi `-d int` kuti ilembe interrupt ndi exception iliyonse, komanso ndi `-s -S` kuti idikire gdb pa port 1234 isanachite lamulo loyamba. Mukadzafuna kuyesa pa kompyuta yeniyeni, muike kernel pa fulashi, ndipo muonetsetse kawiri dzina la chida chimene mukupereka ku lamulo la `dd`, chifukwa mukapereka dzina la disk ya kompyuta yanu lamuloli lidzalemba pamwamba pa zimene zilimo osakufunsani.

Ntchito yomaliza ndi kulumikiza compiler yanu ndi kernel yanu. Kernel iyenera kudziwa kuwerenga fayilo ya ELF, mtundu wa fayilo yoyenda umene Linux imagwiritsa ntchito, kutanthauza kuyang'ana ma program header, kuika gawo lililonse pa adiresi imene lapempha, kukonza stack, ndi kulumphira pa adiresi yoyambira ili mu user mode. Mufunikanso library yaing'ono ya C yokhala ndi `write`, `read`, `exit` ndi `malloc` zimene zimaitana ma system call anu. Ngati compiler yanu imatulutsa x86-64 koma kernel ndi ya RISC-V, muyenera kulemba gawo lachiwiri lotulutsa malangizo, ndipo ntchitoyi idzakhala yaifupi ngati pakati pa parser ndi assembly munaika intermediate representation, kalembedwe kapakati ka pulogalamu, yosadalira processor iliyonse. Ngati simunatero, yambani ndi kuiika, mutsimikize kuti mayeso onse a x86-64 akudutsabe, ndipo pambuyo pake mulembe gawo la RISC-V, poyambira pa pulogalamu yobweza nambala imodzi ndi kuwonjezera zinthu motsatana monga munachitira pa sitepe yachinayi.